Mtsuko wa Mayi Wathu Usowa Wousenza

KOMITI YA KACHISI WA MAYI MARIAMMAN, ESITETI YA BUKIT KERAWAI, PERAK

Msonkhano wapadera wokonzekera mwambo woponda moto

Tsiku: Lamlungu, 14 Julayi 2019
Malo: Holo yodyeramo, kuseri kwa kachisi
Nthawi: Unayenera kuyamba 2 koloko masana. Unayamba 2:50, Wapampando atafika.

Opezekapo:
A Thanabalan Rajoo, Wapampando
A Selvadurai Nadesan, Wachiwiri kwa Wapampando
A Gunalan Perumal, membala (mlamu wawo wa Wapampando)
Mayi Valliammai Sinniah, mtsogoleri wa amayi ophika
Mayi Kanageswary Muthu, Mlembi

Oitanidwa:
A Sambasivam, wansembe watsopano wochokera ku India
A Karuppiah, wansembe wathu wakale (anauzidwa kuti adikire panja)

Osapezeka: A Letchumanan, Msungichuma, omwe anatumiza uthenga woti ali ku ukwati ku Ipoh. Mamembala ena awiri sanatumize uthenga uliwonse, monga mwa chizolowezi chawo.

1. KUTSEGULA

A Sambasivam anatsegula ndi pemphero la m'Chisansikiriti lomwe linatenga mphindi makumi awiri. Wapampando anati pempherolo linali lozama kwambiri. Mayi Valliammai anafunsa kuti linkanena chiyani. Wapampando anapempha kuti tipite ku mutu wachiwiri.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga. A Selvadurai anapempha kuti pachotsedwe chiganizo chonena kuti poto wa ndiwo zotsala pa tsiku lodyetsa anthu anakwera galimoto yawo. Mlembi anafunsa ngati chiganizocho n'chabodza. A Selvadurai anati sichabodza, koma sichikumanga umodzi. Mayi Valliammai anati iwo za umodzi alibe nazo kanthu, akufuna poto wawo. Chiganizo chinasiyidwa momwe chinalili. Poto sanabwezedwe.

3. WOSENZA MTSUKO WA MAYI WATHU

Wapampando anakumbutsa komiti kuti mbendera yoyambitsa mwambo ikwezedwa Lachinayi pa 18 Julayi, ndipo moto upondedwa Lamlungu pa 4 Ogasiti. Anati chaka chino si chaka wamba chifukwa aitana alendo olemekezeka ochokera ku Kuala Lumpur, anthu oona makachisi akuluakulu. Choncho anapempha kuti a Karuppiah apumitsidwe pa ntchito yosenza mtsuko wopatulika ndi kutsogolera anthu pa dzenje la moto.

Atafunsidwa zifukwa, Wapampando anati a Karuppiah alibe kalata ya unsembe, mano anatha m'kamwa, ndipo Mayi Wathu, mulungu wa kachisiyu, akawagwira amakuwa ndi kugubuduzika m'fumbi ngati anthu a m'malayini, nyumba zondondozana za antchito a pa esiteti. Anati kachisi wathu wakula tsopano, ali ndi matailosi ndi wansembe wophunzira, ndiye tisiye za chiesiteti.

A Gunalan anagwirizana nazo. A Selvadurai anagwirizana nazo Wapampando asanamalize chiganizo.

Mayi Valliammai anapempha kuti mawu awo alembedwe monga momwe atulukira m'kamwa. Mlembi akutero:

"Iwe Bala, malayini ukuwanyozawo unabadwira m'menemo, layini yachisanu ndi chimodzi, khomo lomaliza pafupi ndi mpopi. Mayi ako tinkacheka nawo mitengo ya mphira mzere umodzi, iwe uli chogona m'nsalu yomangirira ku nthambi. Lero wagula malole anayi ndiye fumbi layamba kukununkha?"

Wapampando anati pamsonkhano iwo si Bala, ndi Wapampando. Mayi Valliammai anati chabwino, Wapampando Bala. Anapitiriza kunena kuti a Karuppiah amatsegula kachisi tsiku lililonse tambala asanalire, amasambitsa Mayi Wathu, amasesa bwalo, ndipo chaka chomwe madzi anasefukira ananyamula fano pamutu mpaka pamsewu wamtunda pamene eni matailosi ankapulumutsa mafiriji awo. A Gunalan anati imeneyo ndi mbiri yakale. Mayi Valliammai anati firiji ya a Gunalan ikugwirabe ntchito, ndiye si kale kwenikweni.

Mlembi anapempha kuti mwini nkhani amvedwe. Wapampando analola, koma mphindi zitatu zokha. A Karuppiah analowa atavula nsalu ya paphewa n'kuimanga m'chiuno, monga amachitira pamaso pa akulu. Mpando sanapatsidwe. Atauzidwa ganizo la komiti anati:

"Kalata ndilibedi, bwana. Bambo anga anandisenzetsa mtsuko uwu ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, chaka chimene chikuku chinatenga ana asanu ndi mmodzi m'malayini. Kuchokera pamenepo ndawoloka moto zaka makumi anayi ndi chimodzi. Za kukuwazo mundikhululukire, sindine ndimakuwa. Koma kachisi ndi wanu, inu komiti. Mukati ndisiye, ndisiya."

Mphindi zitatu sanazimalize. Anatuluka okha asanauzidwe.

Panachitika voti. Ofuna kuti a Karuppiah achotsedwe: Wapampando, a Selvadurai ndi a Gunalan. Okana: Mayi Valliammai ndi Mlembi. Ganizo linadutsa. Wapampando anathokoza komiti chifukwa cha kulimba mtima kwake, ndipo panabwera tiyi ndi zitumbuwa za vadai.

4. WOLOWA M'MALO MWA A KARUPPIAH

Mutu uwu sunali pa ndandanda. Unabwera Mlembi atafunsa dzina loti alembe pa malo a wosenza mtsuko.

Wapampando anati yankho n'lodziwikiratu, n'kuloza a Sambasivam. A Sambasivam anatula kapu ya tiyi pansi. Anati pali kusamvana pang'ono. Iwo anaitanidwa kudzatumikira m'chipinda chopatulika, kuyatsa nyale ndi kuwerenga mapemphero. Anati adzadalitsa nkhuni, adzadalitsa dzenje, adzadalitsa aliyense wowoloka, koma kwawo a banja lawo saponda makala. Wapampando anati zimenezi sanauzidwe. A Sambasivam anati sanafunsidwe.

Wapampando anatembenukira kwa Wachiwiri wawo. A Selvadurai anati mtima ukufuna kwambiri, koma ali ndi matenda a shuga, ndipo dokotala anawaletsa ngakhale kuyenda opanda nsapato m'nyumba. Mlembi anaona kuti pa nthawiyi n'kuti atathira masipuni atatu a shuga m'tiyi. A Gunalan anati msana wawo sulola kusenza kanthu pamutu, ndipo pa 4 Ogasiti mwina adzakhala paulendo womwe sanaudziwebe.

Wapampando anati ngati zili choncho tipeze munthu wa ku esiteti ina. Mayi Valliammai anati Mayi Wathu si thumba la feteleza loti asenzedwe ndi waganyu. Anati amayi makumi atatu asala kale nyama kuyambira sabata yatha, ena analonjeza kuwoloka chifukwa cha ana awo odwala, ndipo palibe amene adzaponde khala limodzi mtsuko usanawoloke. Anafunsa Wapampando kuti alendo a ku Kuala Lumpur adzabwera kudzaonera chiyani, nkhuni zikupsa zokha?

Wapampando anapempha Mlembi kuti aone zomwe malamulo a kachisi akunena. Mlembi anawerenga ndime yachisanu ndi chinayi, yomwe makolo athu analemba mu 1961: pakasowa wansembe wosenza mtsuko, ausenze ndi Wapampando, Wapampando akalephera, ausenze Wachiwiri wake.

Onse anatembenukira kwa Wapampando.

A Selvadurai anaimirira. Anati pa zaka zonse zomwe agwira ntchito ndi Wapampando sanaonepo munthu wa thupi lolimba ndi chikhulupiriro chachikulu chotere, ndipo sakuona chifukwa choti alephere. Mayi Valliammai anapereka ganizo loti Wapampando asenze mtsuko. A Selvadurai anavomereza mofulumira kuposa kale.

Wapampando anati phazi lawo lamanzere limatupa nthawi zina. A Selvadurai anati iwo sanalionepo litatupa.

Panachitika voti. Wapampando sanavote popeza nkhani inali yokhudza iwo. Ovomereza: Mayi Valliammai, a Selvadurai ndi Mlembi. Wokana: a Gunalan, omwe anati achemwali awo akamva kuti anakweza dzanja sadzawalola kulowa m'nyumba. Ganizo linadutsa.

5. KUPEMPHA A KARUPPIAH KUTI ABWERERE

Wapampando anati ataganizira bwino, aona kuti komiti inafulumira pa mutu wachitatu, ndipo nkhalamba siyenera kuchotsedwa mwadzidzidzi chonchi. Anapempha kuti a Karuppiah aitanidwenso. Mayi Valliammai anati munthu anamuimika ngati wakuba, ndiye amene akumufuna amutsatire. Komiti yonse inatuluka panja, Mlembi ndi buku lake.

Tinawapeza pansi pa mtengo wa nimu akutunga maluwa a pa pemphero la madzulo. Wapampando, omwe pa mutu wachitatu ankawatchula kuti "nkhalambayi", anawatchula kuti "amalume". Anati panali kulakwitsa pang'ono, ndipo komiti ikuwapempha kuti apitirize ntchito yawo.

A Karuppiah sanasiye kutunga. Anati:

"Iyayi, mwana wanga. Chaka chatha bondo ili linagwedera ndili pakati pa dzenje. Palibe anaona, koma ine ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinkafuna kubwera kwa inu ndekha, ndikupempheni munthu woti ndimuphunzitse, ndimusenzetse ndi manja angawa monga anachitira bambo anga. Mwandichotsa ndisanapemphe. Palibe kanthu. Mtsuko ukachoka pamutu subwereranso."

Wapampando anati iwo sanapondepo moto chibadwire. Mawu awo anatsika kwambiri moti Mlembi anachita kusendera pafupi. Anati: "Amalume, ndikuopa."

Mayi Valliammai anatsegula pakamwa, koma a Karuppiah anawakwezera dzanja. Anauza Wapampando kuti kuyambira Lachinayi avule nsapato ndi mphete, azigona pansi m'kachisi, azidya kamodzi pa tsiku, opanda nyama, ndipo azisamba m'bandakucha pachitsime. Anati nawonso ankaopa chaka chilichonse. Kenako anati:

"Ine ndidzawoloka ngati munthu wamba, kumbuyo kwako kwenikweni. Usadzaime. Ukadzaima ndidzakugunda, tidzapsa tonse awiri, ndipo ine ndilibe lole yonditengera kuchipatala."

Komiti inabwerera m'holo. Wapampando sanamalize tiyi wawo.

6. ZINA NDI ZINA

A Gunalan anafunsa ngati dzenje lingafupikitsidwe chaka chino. Mayi Valliammai anati dzenje ndi mapazi makumi awiri ndi limodzi kuyambira kale, ndipo amayi okalamba amaliwoloka osapempha kuchotseredwa. Nkhani inathera pomwepo.

A Selvadurai anapempha kuti ndime yachisanu ndi chinayi iunikidwenso, makamaka mbali yake yachiwiri. Palibe anavomereza.

7. MSONKHANO WOTSATIRA NDI KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Lamlungu pa 18 Ogasiti, 2 koloko masana, malo omwewa. A Sambasivam anatseka ndi pemphero lalifupi ndithu. Msonkhano unatha 5:25 madzulo.

ZOWONJEZERA ZA MLEMBI, ZOLEMBEDWA PA 18 OGASITI TISANASAINE

Komiti yapempha kuti zotsatira za mutu wachinayi zilembedwe pano.

Mlembi ankayembekezera kuti Wapampando athawa. Sanathawe. Anagona pansi masiku khumi ndi asanu ndi atatu, akudandaula tsiku lililonse, ndipo anaonda moti nsalu yachikasu yovala owoloka moto inkawavuka m'chiuno. Pa 4 Ogasiti, dzuwa litapendeka, a Karuppiah anawasenzetsa mtsuko ndi manja awo. Ng'oma zikulira, Wapampando anafika m'mphepete mwa dzenje n'kuima nthawi yaitali. Analowa. Atafika pakati miyendo inawauma, ndipo anakuwa kuitana mayi awo omwalira, mokweza kuposa momwe a Karuppiah anakuwirapo. A Karuppiah anawagwira paphewa n'kuwakankha mpaka kutsidya. Mtsuko sunagwe. Anthu makumi asanu ndi atatu anawoloka pambuyo pawo. Wapampando anatuluka matuza awiri. A Karuppiah, chifukwa choima nawo pamakala paja, anapsa mapazi onse ndipo mpaka lero akuyendera ndodo. Kachisi akutsegulabe okha m'mamawa. Mwa alendo a ku Kuala Lumpur anabwera mmodzi, moto utazima.

Sabata yatha Wapampando anapachika chithunzi chachikulu pakhomo la holo, chotalika kuposa chitseko, chowaonetsa ali pamoto ndi mtsuko pamutu. Anauza wojambula kuti adule mbali ya kumbuyo kuti chithunzi chioneke bwino. Wojambulayo anaduladi, koma paphewa lamanja la Wapampando patsala dzanja lakuda, lamakwinya, lopanda mwini. A Gunalan akuuza anthu kuti ndi dzanja la Mayi Wathu. Mlembi anaima pafupi ndi dzenje tsiku la motolo, ndipo akulemba m'buku muno kuti dzanjalo ndi la a Karuppiah, mwana wa a Vellayan, wa m'layini yachiwiri.

Wapampando apempha kuti ndime yomalizayi ichotsedwe asanasaine. Mlembi wakana.

Wapampando: ______________________

Mlembi: Kanageswary Muthu