Chithunzi cha ku Lozells Sindichotsa

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lozells, kutsidya kwa nyanja, tili bwino, kupatula bondo langali lomwe silikugwirizana ndi kuzizira.

Ndamva kuti achimwene a Yohane adandaula kwa inu za chithunzi chomwe ndinaika pagulupu ya banja. Kamera yanga ija, yomwe ndinaiphunzira ndekha, ili ndi malenzi awiri, lina kutsogolo, lina kumbuyo. Imajambula mbali zonse nthawi imodzi, n'kulumikiza zithunzizo kukhala chimodzi chozungulira ngati mpira. Ilibe kumbuyo kobisako zinthu. Pachithunzicho achimwenewo anakhala pasofa m'chipinda chawo atatchena suti, koma mwana wanu Chikondi atachizunguza ndi chala pafoni, anaona matiresi atatu pansi ndi nkhungu kukhoma.

Achimwene anandiimbira akukalipa: "Wandivula pagulu iwe! Dilita!"

Ndinati, "Achimwene, matiresiwo ndinayala ndine?"

Sindichotsa. Chikondi akufuna kusiya sukulu ya unamwino n'kuthamangira kuno chifukwa cha zithunzi za masuti zomwezi. Chonde muuzeni achizunguzenso mpaka aonetsetse pomwe azidzagona, kenako asankhe yekha.

Mundiperekere moni kwa amayi. Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tiyamike