Tchuthi cha Theresa

Mudzi wa Chimkoka,
Ludzi, Mchinji.
29 Julayi 1978

Mwana wanga Raphael,

Moni kumeneko ku Lilongwe. Kaya mwadzuka bwanji, iwe, mpongozi wanga Keziya ndi adzukulu anga? Kuno Mulungu akutisunga. Amayi ako bondo lija likuwavutabe kukazizira, ndipo chaka chino kwazizira ndithu. Chimanga takolola, nkhokwe imodzi yadzaza, inayo yafika pakati.

Wagwira cholembera ndi mlongo wako Monica, popeza sukulu atsekera. Ndamuuza alembe mawu anga momwe akutulukiramu, asawakonze ngati ali m'kalasi.

Abale ako ukuwadziwa, koma undilole ndiwatchule monga ndimachitira. Iwe Raphael, woyamba, unakhoza Fomu 4, ndipo uli kalaliki mu ofesi ya boma ku likulu. Boniface ndi mmisiri wa matabwa. Mabenchi amene timakhalira m'tchalitchi mwathu anakhoma ndi iye, ndipo mpaka lero palibe limene lagwedera. Theresa ndi namwino ndiponso mzamba, wa masatifiketi awiri. Monica ndi mphunzitsi, Sitandade 5 yonse ili m'manja mwake. Aleck akuyendetsa lole ya fodya, amafika mpaka ku Limbe osagunda ngakhale mbuzi. Ine bambo wanu ndinalekera Sitandade 2.

Mayina amenewa ndawatchula pa maukwati, pa maliro, ku chigayo, paliponse pamene ndapeza khutu. Lero ndawatchula ndi mtima wina, chifukwa pakamwa pangapa ndi pamene papweteka mlongo wako Theresa.

Theresa ali kuno kunyumba. Anafika Lachinayi pa 20, dzuwa litapendeka, ali mu yunifomu, wopanda chikwama. Anakwera lole ya chimanga mpaka pa boma, kuchokera pamenepo anayenda wapansi. Anatipatsa moni, analowa m'chipinda, anagona masiku awiri. Ankadzuka kumwa madzi basi.

Ukudziwa kachipatala kake kaja ka kumalire, kupitirira Kachebere. Chisamutsireni mzamba mnzake uja, papita zaka zitatu ali yekha. Nyumba yake ndi chipinda chochiriramo amayi zalekana ndi mpanda wa udzu. Amabwera a m'midzi yozungulira, amabweranso a mbali ya Zambia, popeza kwa iwo ndi pafupi. Sagogoda ku chipatala, amagogoda pa zenera lake.

Loweruka kunabwera a Felista, mayi amene amakolopa ndi kuwiritsa zida pa chipatalapo. Anabweretsa chikwama cha Theresa, ndipo ndi amene anatifotokozera zimene zinachitika.

Akuti linali tsiku la sikelo ya ana, mzere wa amayi utafika ku mtengo wa mango. Theresa anali asanagonepo bwino chiyambire Lachiwiri, chifukwa amayi atatu anachira motsatizana. Anatenga khanda, analiyeza pa sikelo, analemba pa khadi. Analitenganso khanda lomwelo, analiyezanso. Atalinyamula kachitatu, mayi wake anafunsa kuti, kodi anamwino, mwanayu akunenepa tikuona? Amayi onse anaseka.

Theresa sanaseke. Akuti anayang'ana khadi lija nthawi yaitali, ngati manambala analemba ndi munthu wina. Anabwezera mwana m'manja mwa amake bwinobwino, anaika cholembera pa tebulo, anatuluka. A Felista ankayesa wapita kuseri. Anamudikira mpaka masana.

Ine poyamba ndinati ndi malungo. Kenaka, sindikubisa ngakhale ndine mkhristu, ndinaganiza za anthu ansanje. Lolemba tinapita naye ku chipatala cha pa boma, ine ndi amayi ako. Anamuona a Vitus, adokotala ochokera ku Rumphi amene amamudziwa pa ntchito. Anamuyeza magazi, sanapeze kanthu. Atacheza naye kwa kanthawi, anandiitana ine ndekha.

Anandifunsa kuti mwanayu anapuma liti. Ndinayankha kuti pa Pasaka anapatsidwa masiku asanu, ndipo onse anathera kwathu kuno. Anafunsa kuti akabwera kwanuko amachita chiyani.

Raphael, ndinakhala bwino pa mpando. Ndinawauza kuti Lamlungu la Kanjedza ndinaimirira m'tchalitchi Misa itatha, ndi kulengeza kuti namwino wathu akubwera, aliyense amene ali ndi vuto asavutike ndi ulendo. Ndinawauza kuti tsiku loyamba ndinawerenga anthu 37 pabwalo panga, ena ochokera kutsidya la dambo. Ndinawauza kuti mwana wanga analibe mankhwala, koma anatsuka mabala ndi madzi amchere, anayang'ana makadi a ana, anagwira mimba za amayi oyembekezera, masiku onse asanu. Ndinawonjezera kuti timatero nthawi zonse akabwera. Ndinkadikira kuti andiyamikire.

A Vitus anatseka buku lawo. Anati, bambo, ndiye kuti mwana wanuyu ali ndi zipatala ziwiri, ndipo chachiwiricho mwini wake ndinu.



Sanandikalipire ayi. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndi Chichewa chawo cha kumpoto chija. Anati kulipo kutopa kumene sikutha ndi tulo ta tsiku limodzi. Kumabwera munthu akamanyamula ntchito ya anthu awiri kapena atatu kwa zaka, osatula. Poyamba amasowa tulo ngakhale mpata ulipo. Kenaka amapsa mtima ndi zazing'ono. Kenaka amayamba kulakwitsa zinthu zimene amazidziwa bwino. Anati azionapo kwa anamwino, kwa aphunzitsi, ngakhale kwa apolisi, ndipo kawirikawiri zimagwira amene sakana ntchito. Aulesi sizimawapeza.

Ndinafunsa za jakisoni. Anati palibe. Mankhwala ake ndi kupuma kwenikweni, tsiku lodziwika pa sabata limene munthu wina amamugwirira ntchito, mnzake wogawana naye katundu, ndi nyumba imene akafikamo palibe womupempha kanthu. Anamulembera chikalata chopumira masabata atatu. Chikutha Lolemba pa 14 Ogasiti. Tsiku limenelo ayenera kukaonekera kwa akulu ake, apo ayi adzamulemba kuti wathawa ntchito.

Titafika kuno, Theresa atalowa m'nyumba, amayi ako anangoti, a Benedict, ng'ombe zanu mumazimasula goli dzuwa lisanafike pamutu, ndipo munthu akazibwereka mumamuuza nthawi yobweza. Atatero anapita kukatunga madzi.

Lachitatu Theresa anakhala nane pakhonde tikuswa mtedza, ndipo anayamba kulankhula yekha. Anati chimene chikumuopsa si kutopa. Anati miyezi ino mayi akamalira pochira, iye mumtima samva kanthu, amangofuna atakhala chete. Anati, bambo, ine sindinali wotero. Anatinso tsiku lija analakwitsa sikelo, koma tsiku lina adzalakwitsa mlingo wa mankhwala, ndipo mwana wa munthu adzapita chifukwa cha dzanja lake.

Kenaka anandionetsa kalata. Walemba yosiya ntchito. Yatsala kupereka basi.

Anandikumbutsanso chinthu china. Zaka ziwiri zapitazo anandilembera kuti ntchito yamukulira, akufuna kupempha kuti amupatse mnzake. Ine ndinamuyankha kuti ntchito ya boma sadandaula nayo, ndipo mwana wa Benedict sasiya mzere pakati. Monica akuti akukumbukira, chifukwa analemba ndi iye. Theresa anamvera. Sanapemphenso.

Ndinamupepesa. Sindinazolowere kupepesa mwana, mawu anatuluka mokhota, koma anamva. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha, kuti kalatayo aisunge kufikira abale ake onse titakhala pansi. Anavomera.

Koma mudzi unali utamva kale kuti namwino wabwera. Lachinayi m'mawa ndinapeza anthu asanu ndi anayi atakhala pa mphasa pabwalo, mwa dongosolo, monga ndinawaphunzitsira ine mwini. Patsogolo panali a Maliko, mnzanga wa m'kwaya uja, ndi chilonda chawo cha pamwendo.

Ndinawauza onse kuti namwino sakuona anthu. A Maliko anati, sitikufuna zambiri, angoyang'ana. Ndinati ngakhale kuyang'ana. Anati, kodi achimwene, namwino wathu uja wasanduka wanu nokha liti? Si inu munaimirira m'tchalitchi? Ndinati ndine ndemwe, ndipo ndidzaimiriranso kukabweza mawuwo. Mayi wina anadzuka akukutumula chitenje, nati ana ophunzira amatero, amayamba bwino. Theresa ankamva zonsezi ali m'nyumba, ndipo amayi ako anachita kuima pakhomo kuti asatuluke.

Sindikanawabweza chimanjamanja, chifukwa matenda awo ndi enieni. Ndinamanga ngolo, ndinakweza a Maliko ndi ena atatu amene sakanatha kuyenda, ndi kupita nawo ku chipatala cha mishoni ku Ludzi. A Maliko anandinyoza njira yonse, akuti ngolo yanga ikuwawonjezera matenda. Koma chilondacho anachimanga bwino, ndipo pobwerera anandigawira nzimbe.

Chiyambire tsiku limenelo ndaika mpando wanga pa njira yolowera pakhomo. Ndine mlonda. Mawa Lamlungu ndikalengeza kuti wodwala aliyense azibwera kwa ine, ngolo izinyamuka Lachiwiri ndi Lachisanu.

Tsopano ndafika pa iwe, mwana wanga, ndipo umve bwino.

Choyamba ndi cha Keziya. Ndikudziwa kuti akuyembekezera mu Seputembala, ndipo munapangana kuti apite kwa Theresa monga anachitira pa ana awiri aja. Mkazi wa Boniface nayenso anachirira komweko katatu. Aliyense amakhala mwezi wathunthu m'nyumba mwake, ndipo Theresa akachoka ku ntchito amayambanso kuphika, kuchapa matewera ndi kusambitsa khanda. Tonse tinkati ndi mwayi kukhala ndi mzamba pa mtundu. Ulendo uno ayi. Keziya achirire ku Lilongwe komweko. Ndikudziwa akuopa manja achilendo, ndipo adzakhumudwa. Umuuze kuti wakana ndine, osati mlamu wake. Amayi ako avomera kudzakhala naye nthawi ikakwana, bondo kapena ayi.

Chachiwiri ndi kalata. A Vitus anati Theresa ali ndi masiku ambiri a tchuthi amene sanatenge, ndipo ali ndi ufulu wowapempha. Angathenso kupempha mzamba wachiwiri, kapena wina womulandira tsiku limodzi pa sabata. Iwo alonjeza kuikapo mawu awo. Koma iwe ukudziwa kuposa ine kuti masiku ano kalata ya ku ofesi imawerengedwa ndi maso ambiri, ndipo liwu limodzi losaikidwa bwino limamveka ngati mwano. Theresa akalemba yekha momwe alilimu, alemba za mumtima. Iwe ndiwe umadziwa Chingerezi chopempha mosadandaula. Uilembe pa taipi, ubwere nayo, adzaiwerenge yekha. Akaikonda, asayina. Pali zina zimene zimamudyera ngakhale Lamlungu lake, koma zimenezo tidzakamba pakamwa. Nchifukwa chake kalata ino sindikuiponya ku positi, akupatsa pamanja Aleck podutsa ndi lole.

Sindikunamiza, ine ndikufuna abwerere ku ntchito. Anaivutikira, ndipo amayi a kumalire kuja alibe wina. Dzulo Theresa anafunsa amayi ako ngati a Felista ananenapo za mayi wina amene masiku ake ali pafupi, ndiye ndikuona kuti mtima uja sunafe, wangogona. Koma makalata adzakhala awiri pa tebulo, yako ndi yake, ndipo wosankha ndi iye. Ndinamusankhira kale kamodzi.

Iwenso undiuze zoona. Unapita liti ku tchuthi? Pa Khirisimasi unabwera ndi mafayilo m'chikwama, ndipo ndinawaonetsa kwa alendo. Usabwere nawonso.

Undiperekere moni kwa Keziya, umuuze asanyamule zolemera. Moni kwa adzukulu anga onse awiri, ndi kwa anansi ako aja a ku Dedza amene anandilandira bwino. Amayi ako akupereka moni. Monica akupereka moni, akuti dzanja lamuwawa. Theresa sakudziwa zonse zimene ndalemba muno, pakali pano ali ku dimba ndi amayi ako, akungoyang'ana iwo akuthirira. Ambuye akusunge pa ntchito yako ndi pa ulendo.

Tidzakumana tonse pano pakhomo Loweruka pa 12 Ogasiti, nthawi ya 10 koloko m'mawa, kutatsala masiku awiri kuti chikalata chija chithe. Boniface ndi Aleck ndawauza kale. Ndi za ife tokha, sindidzalengeza kwina kulikonse. Amene mutu ukumuwawa amwe mankhwala kwawo konko asananyamuke.

Ndine bambo wako,
Benedict Chimkoka Mbewe