Mabokosi anga pa chinkhoswe cha Tiyanjane

Amayi, kodi kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Kawale tikudzuka ndithu. Ndine Lameki, mwana wanu wachiwiri, wa mawaya uja. Ndati ndikulembereni ndekha nkhani isanakufikeni yopotoka, chifukwa amalume a Zuze akuuza aliyense kuti mukanakhala moyo mukanandikwapula ndi mthiko. Mwina n'zoona. Koma muyambe mwamva mbali yanga, mthikowo muutole pambuyo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Nachisale, mkazi wanga, anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Esinala, dzina lanu. Watengera mphuno yanu ndi kukuwa kwanu komwe, moti akayamba kulira anzathu a kuseri amagogoda khoma. Kumunda kwanu ku Chinsapo chimanga chinachita bwino mbali ya kumtsinje, koma chakumtunda anatithandiza kukolola anthu osawadziwa chikadali chachiwisi. Mtengo wa mapapaya munkauteteza uja unagwa ndi mphepo n'kuphwanya chimbudzi, tamanga china. Denga la chipinda chanu likudonthabe pomwe paja, beseni lake ndi lomwe lija.

Nkhani yaikulu ndi ya Tiyanjane. Chitsirizira chanu chija chapeza banja. Mnyamatayo ndi Madalitso, telala wa ku Area 23, kwawo ndi ku Mulanje, munthu wofatsa. Chinkhoswe chinachitika Loweruka lapitali pabwalo la panyumba pano, ndipo mlandu wanga wachokera pamenepo. Amalume agamula kuti Lamulungu likudzali ndinyamule nkhuku, ndipite ku Biwi kwa achimwene Fanuwelo, ndikagwade, ndikapepese, ndikalonjezenso kuti masipika anga sadzaoneka pa ukwati wa kutchalitchi. Ine ndakana.

Inu munatisiya ndikadali kukonza mawailesi pakhonde la golosale. Tsopano ndili ndi kashedi kangakanga kumsika, ndipo ndimakhoma masipika. Ndimagula masipika opanda bokosi kwa amwenye kutauni, ena ndimazula m'mabasi akufa. Bokosi ndimakhoma ndekha ndi pulayiwudi wokhuthala, m'ngodya ndimamata guluu wosakaniza ndi utuchi kuti mpweya usathawe, m'kati ndimayalamo thonje la matilesi akale. Kutsogolo ndimaboola bowo la msinkhu wa chitini cha mkaka, kuti mawu apansi aja, amene munthu amawamvera m'chifuwa, azituluka bwino. Ndikamaliza sindiyesa nditakhala pampando ayi. Ndimaika kaseti n'kuyamba kuyenda. Nyimbo ikafera pachigayo, ndimabwerera kukaliphwasula. Ndikafika mpaka pampope wa madzi mawu onse akumvekabe, ndiye kuti bokosilo lapsa.

Ndili nawo anayi akuluakulu, akuda, ondifika m'chifuwa. Anthu onyoza amawatcha mabokosi a maliro. Aimba m'misonkhano ya mipingo, m'maukwati, ndipo chiyambire cha zipani zambirizi palibe mtundu wa nsalu umene sunavinepo kutsogolo kwake. Inunso munkati, "Mawaya sadyetsa mwana, pita ukafunsire ukalaliki." Esinala akudya, Amayi, ndipo wanenepa ngati kamtondo.

Achimwene Fanuwelo akadali dalaivala. Mzungu amene ankamuyendetsa ku Area 10 uja pobwerera kwawo anawasiyira masipika awiri ndi ampulifaya yake yokwezera mawu. Ndi a ku Ulaya, thabwa lake losalala ngati tebulo la kuguwa, ndipo akuti mtengo wake ungagule galimoto. Alamu anawalukira tinsalu tophimbira pamwamba. Ana saloledwa kudutsa pafupi, ngakhale mphaka anamusamutsira kukhitchini.

Apa ndinene zoona, chifukwa inu bodza munkalinunkhiza lisanatuluke pakamwa. Tsiku lina masana achimwene anandiitana, anandikhazika pampando pakatikati pa masipika awiriwo, n'kuika nyimbo ya kwaya. Amayi, ndinamva woimba akukoka mpweya asanayambe mzere. Ndinamva chala chikutsetsereka pa waya wa gitala. Nditatsinzina ndikanatha kuloza kuti wa mawu okwera waima apa, wa mawu apansi waima apo. Mtima unandiwawa. Nditabwerera kushedi ndinawayang'ana mabokosi anga nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo sindinakhome msomali ndi umodzi womwe. Anga sangachite zimenezo, ndikuvomera. Koma ndinaonanso china. Nditadzuka pampando paja kupita pakhomo, kukoma konse kunatsala pampando. Amene anapanga zinthu zimenezo ankaganiza za munthu mmodzi, wokhala yekha m'chipinda chotseka mazenera.

Pa msonkhano wa banja wokonza chinkhoswe aliyense ankanena chimene adzachite. Ine ndinati, "Ng'ombe ndilibe, nsalu ndilibe. Mlongo wangayu ndidzamupatsa nyimbo, zimveke mpaka ku Biwi."

Achimwene anaseka. "Ayi mphwanga, akuchimuna asadzaone ngati afika pamaliro. Mabokosi akowo asaoneke. Ndidzabweretsa zenizeni."

Ndinati, "Achimwene, zanuzo n'za m'nyumba. Pabwalo mphepo idzadya mawu onse, ndipo mukadzakweza kwambiri zidzapsa."

"Nsanje basi," anatero. "Iwe sukulu ya zimenezi unaichitira kuti?"

Anthu anaseka, amalume n'kutseka nkhani ndi mawu akuti wamkulu wanena. Tiyanjane anali pamphasa, akuyang'ana zala zake. Ine ndinapita kumsika, ndinakhoma loko pashedi, ndi kudziuza kuti tsikulo ndidzangobwera kudzadya mpunga ngati mlendo.

Loweruka lija achimwene anafika ndi galimoto yobwereka, masipika atawafunditsa mabulangete. Anawakhazika patebulo pakhonde, anamanga chingwe mozungulira kuti munthu asayandikire, n'kulamula kuti pabwalo pawazidwe madzi kuopa fumbi. Akuchimuna anachita chidwi ndithu, ena ankasuzumira kuseri kwa chingwecho ngati akuona mwana wakhanda. Pa nthawi ya malonje ndi kusinthana nkhuku zonse zinayenda bwino, poti anthu anali chete.

Vuto linayamba pa perekaniperekani. Anthu anali atadzaza mpaka mumsewu. Kunabwera amayi a kumpingo kwanu, abale a ku Ntcheu pa lole yathunthu, ndi Kawale yense amene munkamugulitsa mandasi. Nyimbo itayamba ankaimva ndi a mabenchi awiri akutsogolo okha. Kumbuyo anayamba kukuwa kuti, "Kwezani! Sitikumva!" Amayi ena anadzuka kuti avine, koma aliyense ankaponda zake, wina uku wina uku, mpaka anachita manyazi n'kukhalanso pansi. Ochepa amene anafika kutsogolo achimwene ankawabweza ndi manja, amvekere, "Osavinira kuno, fumbi, fumbi!" Tangoganizani, Amayi, kumuuza mayi wa ku Ntcheu pachinkhoswe kuti asautse fumbi.

Kumbuyo kwanga kunakhala agogo ena akuchimuna. Ndinawamva akunong'oneza mnzawo kuti, "Chinkhoswe cha amasiye chimaoneka." Mawu amenewo anandilasa, koma ndinakhalabe manja ali pachifuwa.

Achimwene thukuta lili kamukamu anapotokola ampulifaya mpaka kumapeto. Sipika ya kumanzere inalira ngati nsalu ikung'ambika, kunamveka fungo la waya wopsa, kenako zii. Anathimitsa ndi inayo. Pabwalo ponse panangomveka nkhuku zija zikulira m'dengu.

Ndikuululireni tchimo langa loyamba: ndinakondwa. Ndinati safunsa adadya phula, aone okha. Mlongo wanga akuchita manyazi pamaso pa apongozi ake, ine ndili pabenchi kunyambita kupambana kwanga. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imanditentha.

Mwambo mukuudziwa kuposa ine. Mkwatibwi pachinkhoswe amakhala chozyolika, saseka, sayankhula, sayang'ana anthu, ndipo anankungwi anali atamulangiza Tiyanjane zonsezo. Koma mwana wanuyo anadzutsa mutu. Anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza, anaimirira, n'kunena mokweza aliyense akumva kuti, "Achimwene Lameki, kodi mukudikira kuti ndilire kaye? Katengeni mabokosi anu."

Amayi ena anagwira pakamwa. Anankungwi anamukoka chitenje kuti akhale pansi, iye osasuntha, mpaka ine nditadzuka. Munkakonda kumuuza akamaopa kuitanira malonda kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Anamva, Amayi, kungoti anasankha tsiku lake lokha loti akuonetseni.

Ndinathamanga kumsika ngati ndaba. Abambo ogulitsa makala pafupi ndi shedi yanga anandibwereka mawilibala, iwonso n'kubwera nawo akukankha. Mabokosi anga sindinawafunire tebulo kapena chingwe. Ndinawakhazika pansi, pafumbi pomwepo, lina ngodya iyi lina ngodya iyo, ndinalumikiza mawaya, ndi kuika kaseti. Ng'oma yoyamba itagunda, malata a khitchini yanu ananjenjemera. Nthungululu inachokera mumsewu, kwa anthu amene chiyambire m'mawa anali asanamve kanthu. Bwalo lonse linadzuka. Madzi anawazidwa aja anali atauma kalekale, fumbi linakwera kupitirira denga, ndipo agogo onena za amasiye aja anavina mpaka duku linagwa, osalitola. Tiyanjane anali atabwerera pampando wake, mutu pansi monga mwa mwambo, koma ndinaona mapazi ake akugunda pansi pang'onopang'ono, misozi ikugwera pachitenje. Madalitso naye ankalephera kubisa mano.

Tchimo langa lachiwiri ndi ili. Mtima utakwera ndinatenga maikolofoni n'kufunsa kuti, "Kumbuyoko, maliro mukuwamva bwino?" Anthu anafa nacho chiseko. Nditatembenuka ndinaona achimwene atanyamula sipika yawo yopsayo, yokutidwa m'bulangete, akupita nayo kugalimoto okhaokha ngati munthu wonyamula mwana wodwala. Sanadye. Sanatsanzike. Ndi munthu amene anandilipirira mayeso bambo atamwalira, ndipo ndinamusekesa ndi Kawale yense. Mawu amenewo ndikanatha kuwameza ndikanawameza.

Koma zimene akufuna amalume ndi zina. Akufuna ndikanene kuti ndinalowerera posaitanidwa, kuti Tiyanjane anachita mwano chifukwa ndinamutuma ndine, ndiponso kuti mabokosi anga ndi chinthu chochititsa manyazi chofunika kubisa alendo akabwera. Zimenezo sindinena, Amayi, ngakhale mutandilotetsa usiku uliwonse. Ndinaitanidwa, ndipo anandiitana ndi mwini tsiku. Tiyanjane sanatumidwe ndi munthu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mabokosiwo ndinawakhoma ndi manja awa, ndikudziwa msomali uliwonse uli m'menemo, ndipo ndinawakhomera anthu athu, amene akasangalala amabwera ndi lole, amaponda pansi, sakhala pampando umodzi kutsinzina. A ku Ulaya aja ndi okoma kuposa anga, ndanena kale. Koma mlongo wanga sanakwatiwire m'chipinda chotseka mazenera.

Ndinawauza amalume maso ndi maso kuti nkhuku sindigula. Iwo amvekere, "Liuma ili ndi la mayi ako." Ndinawathokoza.

Ku Biwi ndipita ndithu Lamulungu, tikangoweruka kutchalitchi. M'thumba mwanga mudzakhala sikuludiraiva, guluu, ndi waya wopyapyala ngati tsitsi amene ndamasula m'wailesi yakale. Chimene chinapsa m'sipika muja ndi koyilo, kawaya kokulungidwa kamene kamagwedeza mawu. Alamu anauza Nachisale kuti achimwene azungulira masitolo onse a m'tauni, ndipo kulikonse akuwauza kuti zoterozo n'zoitanitsa kunja. Madzulo akumangokhala pampando wawo uja kuyang'ana sipika imodzi yotsalayo, osaiyatsa. Ine makoyilo ndakulunga ambirimbiri. Ndikafika ndikapepesa za mawu a pamaikolofoni aja, amenewo okha, ndili chiimire. Kenako ndikakhala pansi pasimenti, ndikapempha alamu achotse kansalu kawo, ndikaitsekule. Mwina sidzaimbanso ndendende ngati kale, ndipo ndikawauza zimenezo ndisanagwire sikuluwu ndi imodzi yomwe. Akandithamangitsa ndidzapitanso Lamulungu linalo, ndi linalo, mpaka adzatope.

Mupereke moni kwa bambo. Ndikulonjezani ziwiri, Amayi, ndipo muzisunge. Achimwene adzakhalanso pampando wawo kumva woimba akukoka mpweya, ndipo adzadziwa kuti wabweza mpweyawo ndi mphwawo wosapita kusukulu ya zimenezi. Pa ukwati wa Tiyanjane mabokosi anga anayi adzaima pakhomo la holo, poyera, osafunda kanthu, ndipo ndidzakweza mpaka inunso mudzadandaule phokoso kumeneko.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,

Lameki