Kanjinga Kaja Sindinakathyole

Nsaru, 19 Meyi 2014

Okondedwa akulu anga a Mirriam,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Kuno tamaliza kukumba mtedza.

Kanjinga kophunzitsira mwana kuyenda kaja munati ndikathyole, poti kanachedwetsa Nowa wanga kuima yekha, ndiponso kamagwetsa ana. Sindinakathyole. Poona kuti n'katsopano, ndinapatsa a Jessie oyandikana nafe, koma mawu anuwo sindinawauze.

Lachiwiri mwana wawo anatsetsereka nako pakhonde, nagwera pamwala. Ali kuchipatala, ndipo diso lakumanzere silikutseguka.

Dzulo nditapita kukamuona, a Jessie anandigwira dzanja nati, "Musadandaule, inu munangotithandiza." Ine ndinangoyang'ana pansi.

Inu ndinu anamwino. Kodi diso lotere limachira? Zinazo dzanja likukana kulemba.

Ine mng'ono wanu,
Triza