Kasefa ka M'galaja

Area 14,
Lilongwe.

Wokondedwa mwana wanga Leticia,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo: ukudzuka bwanji kumeneko ku Joni? Nanga amuna ako a Everson ali bwanji? Ine kuno ndiliko, Mulungu akundisungabe. Bondo lakumanzere lija ndilo limandikumbutsa ukalamba kukazizira, koma njinga ndikupalasabe.

Sindikulemba kuti ndikudzudzule. Mawu ako omaliza pafoni, akuti amayi ako tinawataya ngati galu ndipo ine ndinakubisira matenda awo, ndinawamva ndipo ndinawasunga. Kuchokera tsiku limenelo ndikaimba imangoitana. Ndiye ndati pepala silidula munthu pakamwa, mwina ungaliwerenge mpaka kumapeto.

Kuno zinthu zinasintha. Adona a Fiona, amene ndawasamalira maluwa zaka zonsezi, anabwerera kwawo kunja. Eni nyumba anandipempha kuti nditsale ndiziyang'anira malo mpaka wogula atapezeka. Nyumba yathu ya lendi ku Mtandire ndinaisiya, ndikukhala m'kachipinda ka kuseri kuno.

Ukudziwa mmene kulili ku Area 14. Mipanda italiitali, mageti otseka, munthu osadziwa dzina la mnansi wake. Magalimoto amatuluka m'mawa kulowera ku City Centre magalasi atakwezedwa, n'kubwera madzulo chimodzimodzi. Tsiku limatha osayankhula ndi munthu. Nthawi zina ndimakhosomola dala kuti ndimve ngati mawu alipobe. Kapinga ndimatchetchabe, ngakhale palibe womupondapo.

Atatsala pang'ono kunyamuka, adona anandiitanira m'galaja kuti andigawire zotsala. Anandipatsa jombo, tochi ndi mipando. Kenaka anakwera pa kreti natsitsa kabokosi pashelefu yapamwamba. Kabokosi kameneko ndinkakadziwa bwino. Ndinkakapukuta fumbi Loweruka lililonse, ndikuyesa kuti muli zipangizo za galimoto.

M'katimo munali kasefa ka madzi. Ndi kanthu ka pulasitiki kotalika ngati chitsononkho cha chimanga, kali ndi paipi yowonda. Umaboola ndowa cham'munsi, n'kumangirira paipiyo, ndowayo n'kuikweza pamwamba. Madzi akuda akalowa uku, amatuluka uko ali mbee. Anati ankayenda nako popita kumidzi pa ntchito ya bungwe lawo, koma chisiyireni maulendowo kanangokhala pamenepo.

Pofuna kundionetsa, anatunga madzi obiriwira a m'kadziwe ka nsomba kaja nawathira m'ndowa. Tinadikira. Tambula itadzaza anamwa okha akumwetulira, nandipatsa otsalawo.

Ine sindinamwe. Ndinafunsa kuti, “Adona, kodi kameneka kamachotsanso tizilombo ta kolera?”

Anati eya, kamachotsa.

Ndinafunsanso kuti kakhala nthawi yaitali bwanji pashelefupo. Anakhala pansi pa kreti paja nagwira kumaso. Kenaka anati iwo sanandifunsepo n'kamodzi komwe kuti kwathu timamwa madzi otani. Ine ndinati nanenso sindinawauzepo. Ndikanayamba bwanji? Munthu wothirira maluwa ndi madzi a pampopi tsiku lonse, n'kukanena kuti mkazi wanga akutunga pachitsime cha kudambo chifukwa pakiyosiki pogulira madzi pauma?

Mwana wanga, kanthu kolowa m'thumba la jekete. Dzinja lija la kolera, amayi ako akumwa madzi a pachitsime chimene mvula inakokoleramo zonyansa za m'zimbudzi, kameneka kanali pamwamba pa mutu wanga, ine ndikukapukuta fumbi.

Ndinakalandira chifukwa kukana mphatso ya munthu amene akulira n'chipongwe. Koma ndinakaponya kunsi kwa bedi. Ndinkadana nako ngati munthu.

Chinandigonjetsa ndi ludzu. Nyumba itakhala yopanda anthu, mpopi unatsekedwa. Alonda a nyumba yoyandikana ankandigawirako madzi kudzera pamwamba pa mpanda, mpaka abwana awo analetsa. Ndinayamba kutsikira kumtsinje wa Lingadzi ndi zigubu panjinga. Madzi ake ukuwadziwa, ofiira, onunkha matope, ndipo makala owiritsira sapezeka tsiku lililonse. Tsiku lina m'mimba mutayamba kupotokola ndinachita mantha kuti ndingafere m'kachipinda muno, anthu n'kudzadziwira ntchentche pazenera. Ndinagwada n'kukatulutsa kunsi kwa bedi kuja.

Ndinakhala pampando kuyang'ana madzi akudontha. Tambula itadzaza ndinaikweza kudzuwa, munalibe n'kachitsotso komwe. Ndinamwa. Madzi anali abwino.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, sindinabwerere kuno. Ndowa ndi kasefa ndinali nditamangirira kale panjinga, ndiye ndinalunjika ku Mtandire kwa mayi Elube, amake Lekani, aja tinkayandikana nawo nyumba. Ndi iwo anandithandiza kunyamula amayi ako kupita kutenti ya odwala kolera, ndipo ndi iwo analowa nawo mbali ya azimayi kumene ine sankandilola.

Azimayi atasonkhana, nkhani zinali mbwee. Wina anati zinthu za azungu zimenezi zimatseka mimba. Wina anati a Chikaonda umasiye wawakwana, akusaka mkazi, sefayi ndi nyambo chabe. Anaseka onse, inenso ndinaseka. Ndinali nditaiwala kuti mano anga amatha kuoneka. Mayi Elube sanatsutsane ndi munthu. Anatenga kapu namwa, nati, “Ine ndabereka nyumba yodzadza, ikatseka yandithandiza.” Kenaka anamwetsa mdzukulu wawo, mwana wa Lekani.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndinkapita nako. Kasefa n'kamodzi, ndipo kalibe changu. Ndowa zinkandanda mpaka kumsewu. Tinagwirizana kuti tizisefa akumwa okha, kuyamba ndi nyumba za makanda ndi odwala. Kakayamba kutsamwa matope timakatsuka pokankha madzi oyera chobwerera ndi jekeseni wamkulu amene anabwera m'bokosi momwemo.

Koma ndikuuze zoona, chimene ndinkapalasira njinga si madzi okha. Podikira paja azimayi amacheza, ndipo amawatchula amayi ako. Wina akumbuka zitumbuwa za a Naphiri, wina mmene ankayambitsira nyimbo kukwaya wotsogolera asanakweze dzanja. Kuno ku Area 14 palibe amene anawadziwa. Dzuwa likapendeka ndinkamasula kasefa n'kubwerera nako, n'kutsegula geti, n'kulitseka ndekha, n'kuyamba kudikira Lamulungu lina.

Mayi Elube anandifunsapo kuti bwanji osangokasiya konkuja. Ndinayankha kuti nanenso ndimamwera komweko, zomwe zinali zoona. Koma pansi pa mtima ndinkaopa china. Ndikakasiya, ndizikagogoda pakhomo pa anthu ndi chifukwa chanji?

Ndiye sabata ina ndinafika n'kupeza palibe ndowa ndi imodzi yomwe. Mwana wa Lekani uja anali kuchipatala, akumulowetsa madzi m'mitsempha. Madzi osefa anali atatha pakati pa sabata, kunatentha, amake n'kumumwetsa a pachitsime. Sanali kolera, ndipo mwanayo anachira. Koma nditamuona atatuluka, maso atalowa m'kati, miyendo ngati timitengo, sindinathe kuyang'ana munthu kumaso. Tsiku limenelo kasefa ndinakasiya. Ndinangodzaza zigubu zanga n'kumangirira panjinga.

Ndikunyamuka, mayi Elube anandiitana ali pakhonde. Anati, “A Chikaonda, Lamulungu muzibwerabe. Ife sitinkalandira sefa, tinkalandira inu.” Sindinatembenuke, kuopa kuti angaone nkhope yanga.

Tsopano imva chimene ndalembera kalatayi.

Unandifunsa chifukwa chake sindinakuimbire amayi ako atangodwala. Ndinakuyankha kuti anandiletsa okha, iwe sunakhulupirire. Tili panjira yopita kutenti anandigwira dzanja mwamphamvu nati ndisayerekeze kukuuza. Ine ndinaganiza kuti achira, tidzakufotokozera zonse zitapita. Kolera sapereka mpata, mwana wanga. Anadwala m'mawa, tsiku lotsatira dzuwa lisanafike pamutu anali atatisiya.

Azaumoyo anakulunga thupi m'pulasitiki. Sanalole kusambitsa, kugona pamaliro kapena kuphika chakudya, kuopa kuti matenda angafalikire. Tinaika tsiku lomwelo, anthu ochepa, titaima patali. Inenso nkhope yawo sindinaione. Koma abusa analipo, a kwaya anaimba, ndipo dothi ndinaponya ndi dzanja langali kawiri, langa ndi lako. Sanatayidwe ngati galu.

Chifukwa chimene anandiletsera sindinkachidziwa mpaka posachedwapa. Tikutsuka kasefa ndi mayi Elube, ndinadandaula kuti mwana wanga anandifulatira. Anasiya jekeseni uja nandiyang'ana. Anati, “Kodi a Chikaonda, mpaka lero simukudziwa?”

Anati m'tenti muja, mawu atatsala pang'ono kutha, amayi ako anawakokera pafupi nawanong'oneza kuti Leticia ndi woyembekezera, mimba ikadali yaing'ono, ndipo wauza iwo okha. Anati ukamva udzakwera basi ulendo wonsewo n'kudzalowa m'matenda muno, pakuti amakudziwa, sumva za munthu. Mawu awo akuti anali akuti, “Musamuitane. Ngati ndikupita ndipite ndekha, tisapite atatu.”

Mayi Elube ankayesa kuti ine ndinauzidwa, komanso nkhani ya mimba sakambirana ndi bambo wa mwiniwake. Ndiye aliyense anangokhala chete ndi chigawo chake.

M'mawa mwake ndinatseka geti n'kupita kudepoti ku Old Town kukasaka a Peterson, adalaivala a basi ya ku Joni, aja a kwathu ku Malingunde. Ndinawapeza akumangitsa katundu. Anadabwa kuti ndikufunsa zimene mudzi wonse wa Amalawi kumeneko ukudziwa. Anati uli ndi mwana wamkazi wojintcha, akuthamanga kale, ndipo pachipumi ndi agogo ake aakazi enieni. Dzina anati analimva koma lawathawa. Ndinaima pakati pa mabasi, oitanira akundikoka malaya kufunsa kumene ndikupita, ine osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Ndi iwo ndawapatsira kalatayi.

Nyumba ino yagulidwa. Eni atsopano akubwera ndi antchito awo, ndiye mwezi uno ukatha ndikupita ku Malingunde kwa azakhali ako a Hellen. Ndinaganiza zokatenga kasefa kuti ndikutumizire chifukwa cha mwanayo, koma a Peterson anaseka, ati kwanuko madzi amatuluka m'nyumba momwemo. Ndiye katsala ku Mtandire, kumene kakufunika. Kumudzi kuli mjigo, sindikavutika. Chimene chikundiwawa ndi ma Lamulungu aja, koma ndikazolowera.

Sindikupempha kanthu ka m'manja. Sindikutinso ubwere, ulendo ndi wautali ndipo ntchito ya eni sasiya chisawawa. Ngati mtima wako sunatsike ndikumvetsa, pakuti unataya mayi osawalira pamanda. Manda ndimawalambula, ndipo tsiku limene udzafune ndidzakuperekeza.

Pempho langa ndi limodzi. Undiuze dzina la mdzukulu wanga. Ngati kuyankhula nane kukukuvutabe, lemba dzina lokhalo pakapepala, upatse a Peterson. Ndikamapemphera ndimangoti “mwana wa Leticia,” ndipo ndimachita manyazi pamaso pa Mulungu, ngati munthu wopempherera mlendo.

Upereke moni kwa a Everson, uwauze kuti ndikuthokoza pokusamalira m'dziko la eni. Mayi Elube ndi Lekani akupereka moni wambiri. Mwanayo umunyamule m'mwamba kamodzi, umuuze kuti amene akumunyamulayo ndi agogo ake aamuna.

Ambuye akusungeni nonse atatu.

Ine bambo ako,
Jobu Chikaonda