Magolovesi a Ulusi Wofiira

Lolemba, 6 Okutobala

Ndasamba kawiri koma utsi sukuchoka m'mphuno. A Ndevu, ozimitsa moto anzanga, ali m'chipatala, manja onse awiri apsa.

Moto unabuka pa shopu ya kalipentala cha m'ma 10 koloko m'mawa. Utuchi, vanishi, matabwa ouma, zonse zinangoti lawilawi. Mwini shopu anatsekeredwa m'kachipinda kakumbuyo, chitseko chake chachitsulo. Ine ndinali pa payipi. A Ndevu anamva munthu akumenya chitseko, anathamangira n'kukoka mpiringidzo ndi manja osavala kanthu. Kalipentala watuluka wamoyo. Khungu la a Ndevu latsala pa chitsulo.

Mayi a ana andiikira chakudya, ndangochiyang'ana.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Dzulo sindinalembe zonse. Ngakhale kabuku kanga komwe ndakanamiza.

Lachisanu ndinatsukira galimoto magolovesi anga, chinthu choletsedwa, n'kuwaiwala m'ndowa. Dzulo m'mawa ndinawapeza ali chonyowa, akununkha. Golovesi yonyowa pa moto imaphika dzanja, aliyense amadziwa. Kukapempha ena kusitolo ndiye kuti Bwana adziwa, ndipo ine ndili kale ndi kalata imodzi ya chenjezo chifukwa chochedwa. Pa bolodi panalembedwa kuti a Ndevu ali pa ofu. Kuntchito kwathu aliyense amasiya magolovesi m'kati mwa chisoti chake, ndiye ndinangopisa m'chisoti chawo. Mumtima ndimati ndibweza madzulo, adziwa ndani.

Osadziwa kuti anasinthana tsiku ndi mnzathu wina. Anafika belu likulira kale, anangotsomphola jekete ndi chisoti n'kukwera.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ali pa ntchito, ndipo galimoto ikamatuluka pa geti iwo ndi amene amakuwa kuti "Manja!" Tonse timakweza manja kuti aone ngati tavala. Dzulonso anakuwa, ife tinakweza. Iwo anapisa m'chisoti, mulibe. Anafufuza m'matumba, pansi pa mpando. Ine ndinakhala moyang'anizana nawo. Ndinatsitsa manja n'kuwapanira pakati pa mawondo. Msewu wonse, mphindi zisanu ndi imodzi. Kuvula kokha basi, ndinalephera.

Lachitatu, 8 Okutobala

Pa pelete Bwana alankhula nthawi yayitali. Akuti ngati munthu wakale ngati a Ndevu angaiwale magolovesi, ndiye ife ndife yani. Amata pepala pa chitseko cha galaja: OSAKWERA OPANDA MAGOLOVESI. Lipoti lipita kulikulu Lolemba, mutu wake kunyalanyaza. Dalaivala wandinong'oneza kuti a Ndevu amayenera kukwezedwa chaka chino kuti aziphunzitsa atsopano, ndipo zimenezo zafera pomwepo.

Pa tiyi wina anati mphunzitsi waiwala choko. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka.

Magolovesiwo ali m'chikwama changa. Alamu, akazi awo a Ndevu, anasokerera ulusi wofiira m'mphepete kuti asamasokonekere ndi a anthu ena. Ndaganiza zowabweza m'chisoti mwakabisira. Koma ndiye zioneka ngati analimo nthawi yonseyi, mdala sanayang'ane bwino. Kuwaponya m'dzala? Ndaganizanso zimenezo, ndilembe chilungamo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndinafika pa geti la chipatala n'kubwerera. Malalanje ndapatsa mlonda.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mayi a ana amafuna kuchapa chikwama, awapeza. Ndangomva akuitana kuchipinda ndi mawu aja amene ana akawamva amathawira panja. Amafuna kudziwa kuti mkazi amene akundisokera ulusi wofiira ndi ndani, poti iwo singano yawo sinakhudzepo magolovesi.

Ndawauza zonse, kuyambira pa ndowa. Anakhala pa bedi, magolovesi ali pa miyendo. Kenako anati, "Bola chikanakhala chibwenzi, bambo a ana. Chimenecho ndikanadziwa pokathera."

Ndinawakumbutsa za kalata ya chenjezo ija, kuti yachiwiri ndiye kulongedza, nanga ana atatuwa. Anati akudziwa kuwerenga ana awo. Anawonjeza kuti mlandu suola, ndipo pamene mwana wathu wachiwiri anakomoka ndi malungo ine ndili pa shifiti, amene anamunyamula kuthamangira naye kuchipatala anali manja omwewo. Ngati kuti ndinaiwala. Sindinaiwale, n'chifukwa chake sindikudya.

Loweruka, 11 Okutobala

Lero ndalowa.

Manja awo akulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, akuoneka ngati mapilo awiri. Alamu amawamwetsa madzi ndi kapu. Atandiona alamuwo anasangalala, anati anzawo onse abwera, ine ndekha ndiye ndinasowa, amayesa ndadwala. Anandisiyira mpando n'kupita kukatsuka mbale.

A Ndevu nthabwala zawo sizinapse. Akuti vuto lalikulu si ululu koma ndevu zikayabwa, ndiye ndiwakande. Ndinawakanda. Munthu wamkulu, ine n'kumamukanda chibwano ngati mphaka, misozi ili pafupi. Dokotala akuti dzanja lamanzere lichira, koma lamanja zala ziwiri mwina sizidzapindikanso.

Kenako anati Bwana akufuna lipoti la m'kamwa mwawo pofika Lolemba, koma cholembera agwira ndi chiyani. Ndilembe ine, iwo azinena. Ndinatenga pepala. Ananena tsiku, nthawi, mmene anafikira belu likulira. "Nditapisa m'chisoti ndinapeza mulibe magolovesi." Ndinalemba. Analekezera pomwepo. Ndinadikira.

"Mphwanga, ulusi uja ndinauona," anatero. "Pamene unakweza manja."

Ndinafuna kugwada pansi pomwepo. Ndinafunsa chifukwa chake sanandilande.

"Ndikanakulanda, payipi ukanagwira ndi chiyani? Ndimayesa ine ndiima kumbuyo, sindimadziwa za chitseko. Koma ndinadikira mpaka pa mphambano kuti mwina uyankhula."

Ndinati pepani achimwene, kangapo. Sanayankhe kuti zatha, sanayankhenso kuti sizinathe. Anangoloza pepala ndi chibwano n'kunena kuti pomwe alekezera ndi pomwe iwo akudziwa kunena, kotsalako ndimalizitse ndekha. Chilichonse chimene ndilembe iwo avomera, ngakhale kudinda ndi chala chakuphazi.

Alamu analowa ndi mbale, anandithokoza chifukwa chowalembera. Amati anzako enieni umawaona pa tsoka.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndalemba katatu. Koyamba ndinati mwina magolovesi anagwa. Kachiwiri ndinati anatengedwa ndi munthu wina mwangozi. Mayi a ana anawerenga, anafunsa kuti munthu winayo alibe dzina? Kachitatu ndalemba dzina.

Ndasita yunifomu. Sindikudziwa ngati ndiivalanso Lachiwiri.

Lolemba, 13 Okutobala

Ndikulemba nditakhala pa benchi panja pa ofesi ya Bwana.

Ndinalowa pelete isanayambe. Ndinaika pepala pa tebulo, magolovesi pamwamba pake, ulusi ukuonekera. Anawerenga kawiri, magalasi ali pa mphuno. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anatsegula kabati, anatulutsa lipoti lawo lija lopita kulikulu n'kuling'amba pakati. Ine anandiuza kuti ndikakoleke chisoti, ndisakhudze chilichonse, ndidikire pano mpaka ayimbe foni.

Anzanga akudutsa osandiyang'ana. Dalaivala yekha anaima, anatsegula pakamwa, n'kupitirira.

Belu langolira kumene. Nsapato, majekete, zitseko, onse akwera, ine ndili pompano. Galimoto inafika pa geti muli zii, mpaka dalaivala anakuwa ndi mawu osazolowera, "Manja!"

Ndangozindikira anga ali m'mwamba, osavala kanthu.