Munda wa Ailishi Sugulitsidwa

Amayi, kaya mwadzuka bwanji uko muliko? Ife kuno ku West Bromwich tilipo, kungoti kuzizira sikunatisiyebe. Malichi uno dzuwa limangosuzumira pang'ono n'kubwerera.

Ndiyambe ndi zabwino. Esinati, chitsirizira chanu, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akuti mphuno ndi yanu yomwe ija. Kuno mdzukulu wanu Chisomo watalika kundiposa, koma ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi. Bambo ake akadali ku ntchito yawo ya kuweyahausi, kosungira katundu ku Bilston, ine ndikadali pa wodi ya okalamba kuchipatala, mashifiti omwe aja.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera. Munda wanu wa mbatata ku Tsangano wapsa ndi chiwawu. Mvula ya chaka chino inabwera ndi nkhungu yosatha, masamba n'kuda ngati awazidwa madzi otentha. Esinati akuti atafukula anangopeza zowola, fungo lokhalokha. Ndiye alongo anu, amalume a Benedikito, anandiimbira foni. Anati pali munthu wina wa ku Lilongwe akufuna malowo adzalepo mitengo ya paini. "Dothi lija latopa," anatero. "Mwini wake anapita, iwe uli ku Ulaya, Esinati ali ndi khanda. Tigulitse basi." Ndinati ndiganize kaye. Mtima unali utafooka, Amayi, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera.

Kuti mumvetse chimene chinandibweza, ndikuuzeni za a Donal. Ndi nkhalamba ya khomo loyandikana ndi lathu, khoma ndi limodzi. Kwawo ndi ku Ireland, chakumadzulo, ndipo anabwera kuno ali mnyamata kudzakumba misewu ya mu Birmingham. Akazi awo anamwalira kalekale. Tinadziwana tsiku lina atandiona ndikuchokera kumsika ndi jumbo ya mbatata. Anatulutsamo imodzi, n'kuifinya, n'kupukusa mutu kuti andigulitsa madzi okhaokha. Ine ndinapsa mtima pang'ono. Ndinati, "Agogo, musandiphunzitse ine, ndinakulira mu ailishi." Iwo anati, "Mu chiyani?" Atamva kuti kwathu mbatata ya kachewere timaitchula dzina la mtundu wawo, anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Komatu si yathu. Inachokera kumapiri a ku South America, inabwera pa sitima za pamadzi. Ife tinangoikonda mopitirira."

Kuyambira pamenepo anayamba kunditenga ku alotimenti yawo. Ndi timinda ting'onoting'ono tobwereka kwa khonsolo, tili kuseri kwa njanji ya tiramu, kasitima kamagetsi koyenda m'tauni. Nditafika ndinaima kakasi. Mizere, Amayi! Azungu ena onse amadzala pathyathyathya, koma a Donal amaunda mizere ngati ya kwathu. Akuti kwawo ankaikamo ndere za m'nyanja m'malo mwa manyowa.

Munthu ameneyu pakamwa sipatseka. Akulima, akufotokoza. Akuti ku Ireland kulibe njoka ngakhale imodzi, moti inu mukanamalima osayang'ana kumapazi. Akuti kuli kachilumba kena kufupi ndi America komwe anthu ake ndi akuda ngati ife, koma ambiri mayina awo ndi achi Ireland. Akuti maungu amene ana a kuno amaboola maso n'kuikamo kandulo mu Okutobala, mwambowo unayambira kwawo, ndipo iwo ankaboola mizu ikuluikulu ya tanaposi chifukwa maungu kunalibe. Akutinso ku Argentina kuli zidzukulu za anthu a kwawo, zoweta nkhosa, zoyankhula Chisipanishi. Ndinkakumbukira mawu anu aja, akuti munthu akachulutsa nkhani mum'patse khasu muone ngati manja akugwirizana ndi pakamwa. A Donal mukanawakonda. Manja awo amagwirizana ndi pakamwa.

Mwezi wathawu anadwala sitiroko. Dzanja lamanzere ndi mwendo zinafooka. Sanagonekedwe pa wodi yanga, koma ndinkapita kukawaona ndikaweruka. Tsiku lina anaona kuti nkhope yanga si ili bwino, n'kundifunsa. Ndinawauza zonse, za chiwawu, za amalume, za munthu wa paini uja.

Nthabwala zonse zinatha. Anati matenda omwewo ndi amene anapha dziko lawo m'nthawi ya makolo a agogo awo. Anthu osauka ankadalira mbatata yokha, ndipo ambiri ankadzala mtundu umodzi. Chiwawu chitabwera chinasesa zonse. Anthu ankafera m'misewu, ena milomo itabiriwira ndi udzu umene ankadya. Amene analephera kulipira eni minda ankawagwetsera madenga n'kuwathamangitsa, ndipo otsalawo anakwera sitima kupita ku America, ku England kuno, kulikonse. Anatinso mtundu wina wa eni nthaka a ku America, umene unali utangothamangitsidwa kumene m'dziko lawo, unamva za njalayo n'kusonkha kangachepe kutumiza ku Ireland. Mpaka lero kwawo sanaiwale.

Kenako anandigwira mkono ndi dzanja lawo labwinolo. Anati, "Mwana wanga, chiwawu chimadya mbewu ya chaka chimodzi. Munda sichidya. Munda amadya ndi anthu." Anandiuza kuti makolo awo anapirira njala yonse ija osausiya munda wawo, koma mchimwene wawo anadzaugulitsa pa nthawi ya mtendere, iwo ali kuno. A Donal atapitako patapita zaka anapeza pamangidwa nyumba ya alendo okapumula. Anaima pageti, mwini nyumba n'kutuluka kudzawafunsa ngati asochera. "Ndinayankha kuti eya, ndasochera," anatero. Sanabwererekonso.

Ndili mu tiramu pobwerera kunyumba ndinkangoona inu. Ndinakumbukira njala ija ya 2002, chimanga chitasowa m'dziko lonse. Munda womwewo ndi dimba lake la kumunsi ndi zomwe zinatisunga, ife ndi mabanja a m'mudzi amene ankabwera ndi timabeseni m'mawa. Simunabweze munthu. Ndinakumbukiranso kuti inu simunkadzala mtundu umodzi. Yofiira uku, yoyera uko, ndipo pomwe pakhala mbatata chaka chino, chaka chamawa pamalowa nyemba. Munkati, "Zonse sizingadwale tsiku limodzi." Chimwalirireni inu, Esinati wakhala akudzala yofiira yokhayokha, malo omwewo, chifukwa ndi imene imayenda malonda pa Lizulu. Sindikumudzudzula, anatsala yekha. Koma dothi silinatope, Amayi. Langosowa mwini.

Ndinagula khadi ya foni pa shopu ya pakona n'kuwaimbira amalume. Ndinawapatsa moni bwinobwino, ndinafunsa za azakhali ndi za ana. Kenako ndinati, "Amalume, ndaganiza. Munda uja usagulitsidwe."

Anati, "Ukulamula uli ku Ulaya? Ukaulima ndiwe?"

Ndinati, "Sindikulamula, amalume. Inu ndinu eni mbumba, ulemu wanu ndikuudziwa. Koma munda uja amayi anaulandira kwa agogo, ndipo Esinati ali ndi mwana wamkazi. Akadzakula tidzamuloza mitengo ya eni ake?"

Anangoti, "Bwera tidzaonane maso." N'kudula.

Esinati akuti amalume amuuza munthu wa paini uja kuti adikire. Koma akuti akwiya kwambiri, akakumana ndi Esinatiyo panjira amayang'ana kumbali. Zimenezi zikundiwawa, chifukwa ndi iye amene akusenza mkwiyo wa mawu anga. Ndinamufunsa ngati akufuna ndibwerere m'mbuyo. Analira, kenako anati, "Achemwali, musabwerere. Ine ndimangoopa kunena ndekha."

A Donal anatuluka m'chipatala, ali pa njinga ya olumala. Pakati pa Malichi anthu a kwawo amakumbukira woyera mtima wa dziko lawo. Ku Digbeth mu Birmingham kumakhala chikondwerero chachikulu, aliyense atavala zobiriwira, ndipo akuti ku America mumzinda wina amathira utoto mumtsinje wonse kuti ubiriwire. Ndinawafunsa ngati akufuna ndiwaperekeze kukaonerera. Anakana. Anati kwawo tsiku limenelo ndi lodzala mbatata yoyamba, ndipo chibwerereni kuno sanaphonyepo. Ndiye ndinawakankha mpaka ku alotimenti, mphepo ikuwomba, bulangete lili pamiyendo. Ine ndinkaunda mizere, iwo akulamula ali pampando, ati apa wakhotetsa, apo wazamitsa. Ndinawayandikizitsa pamzere woyamba, n'kuwaika mbewu m'dzanja. Anawerama movutika mpaka ndinachita mantha kuti agwa, koma anaiponya okha m'phando. Atadzuka anapukuta m'maso, n'kunena kuti ndi mphepo.

Liivu yanga ya mu Meyi aivomera, ndipo tikiti ndabukitsa. Ndapangana ndi Esinati kuti munda wa kumtunda upume, mvula ikadzagwa tidzadzalemo nyemba. Kudimba tidzalowa ndi mbewu ya mitundu ingapo, yochokera kwa anthu a kutsidya amene chiwawu sichinawafike. Ndidzalima nawo ndekha masabata amene ndidzakhaleko, kuti m'mudzi aone kuti sindingoyankhula pafoni.

Ndikafika ndidzayambira kwa inu, kudzalambula pamanda panu ndi kukuonetsani khandalo. Kuchoka apo ndidzapita kwa amalume ndi tambala m'manja. Ndidzagwada pansi monga munandilerera, ndidzawasiya akalipe mpaka mtima wawo utsike. Koma akadzandifunsanso, yankho langa lidzakhala lomweli. Ndikukulonjezani, Amayi.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu woyamba,
Mwandida